Mwasintha housing ya sensa ya mpweya, thiraki yafooka: zoyenera kuchita mwatsatanetsatane

Funso ili ndalilandira kambirimbiri, ndipo nkhani yake imakhala imodzimodzi. Munthu wachotsa chipaipi chapulasitiki chimene munkakhala sensa ya mpweya, waikapo chachitsulo chonyezimira, chachikulupo, pofuna kuti injini izipuma bwino. Patapita masiku awiri kapena atatu nyali ya Check Engine yayaka, galimoto ikunjenjemera pa sailensi (injini ikulira yokha osaponda moto), kapena yayamba kulephera chitunda chimene kale inkakwera ndi katundu popanda vuto. Ndiye amandifunsa ngati sensa yafa. Kawirikawiri sensayo imakhala ili bwinobwino. Chimene chasokonekera ndi muyezo wake. Ndalemba zonse pamodzi kuti wofunsa aliyense azipeza yankho lathunthu.

Tiyambe tamvana pa mayina. Sensa imene tikunenayi ndi MAF, imene imakhala pakati pa bokosi la fyuluta ya mpweya ndi injini, kapena turbo ngati ilipo. Ntchito yake ndi kuuza kompyuta ya galimoto, ija amati ECU, kulemera kwa mpweya umene ukulowa, m'magalamu pa sekondi. Housing ndi chipaipi chachifupi chimene sensayo imabayidwamo. Tikanena kuti ya aftermarket tikutanthauza yopangidwa ndi kampani ina, osati imene inapanga galimotoyo.

Mfundo imene zonse zatsamirapo ndi iyi: sensa siyeza mpweya wonse. M'kati mwake muli kawaya kapena kafilimu kopyapyala kamene kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo magetsi ofunika kuti kakhalebe kotentha ndi amene amasanduka uthenga wopita ku kompyuta. Koma kawayako kamangokhudzidwa ndi kampweya kochepa kodutsa pamene kali. Mpweya wotsalawo kompyuta imachita kuwerengera pogwiritsa ntchito tebulo limene linalembedwa kufakitale, ndipo tebulolo analilemba akuyeza sensa imeneyo ili m'chipaipi chake chenicheni. Taganizirani za mtsinje. Madzi omwewo akafika popapatiza amathamanga, akafika potambalala amayenda mwakachetechete. Mukakulitsa housing, mpweya womwewo umadutsa mofatsa, kawaya kamazizira pang'ono, ndipo kompyuta imakhulupirira kuti mpweya wachepa pamene sunachepe. Sensa ndi housing ndi chida chimodzi choyezera. Mukasintha chimodzi mwasintha sikelo yonse.

1. Dzifunseni kaye ngati mukuifunadi

Choyamba onani ngati galimoto yanu ili ndi MAF n'komwe. Mainjini ambiri a malole akuluakulu a dizilo amawerengera mpweya pogwiritsa ntchito sensa ya MAP, yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifold, mapaipi ogawira mpweya ku masilinda, pamodzi ndi yoyeza kutentha. Ngati yanu ndi yotero, zambiri za m'munsimu sizikukukhudzani. MAF mudzaipeza kwambiri pa mapikiapu ndi mathiraki ang'onoang'ono, a petulo ndi a dizilo omwe.

Housing yaikulu ili ndi ntchito yake yeniyeni. Sensa zambiri zimatulutsa uthenga wa pakati pa mavoti 0 ndi 5, zina zimatulutsa ma Hz, kuchuluka kwa kugunda kwa magetsi pa sekondi. Munthu akaika turbo yaikulu, mpweya umatha kuchuluka mpaka sensa kufika pamapeto pa muyezo wake, osathanso kusiyanitsa wambiri ndi wambiri zedi. Pamenepo housing yaikulu imathandiza, chifukwa imachepetsa liwiro la mpweya ndipo sensa imapezanso mpata wowerengera. Koma ngati injini yanu ili mmene inachokera kufakitale, housing yoyambayo si imene ikuitsamwitsa. Ine ndimalangiza eni galimoto otere kuti aisiye. Ngati yakaleyo yasweka, funani ina ya muyezo womwewo.

2. Lembani manambala musanamasule kanthu

Apa ndi pamene ambiri amadzitsekera okha njira. Amamasula, kumanga yatsopano, vuto likabwera alibe choyerekezera nacho.

Pezani makina owerengera kompyuta ya galimoto. Pa mapikiapu ambiri pali soketi ya OBD-II ya mapini 16 kunsi kwa dashibodi, ndipo ngakhale kachipangizo ka mtundu wa ELM327 kolumikiza ku foni kamawerenga zofunikazi. Malole akuluakulu ambiri amalankhula kudzera pa njira ina yotchedwa J1939, ndipo amafuna makina awoawo. Tenthetsani injini mpaka ifike pamene imagwirira ntchito, zimitsani AC ndi magetsi, kenako lembani m'kope muyezo wa MAF pa sailensi, pa 1500 rpm (maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi) ndi pa 2500 rpm galimoto itaima. Lembaninso kutentha kwa mpweya wolowa, kumene kumaoneka ngati IAT. Mukatero yendani nayo, wina akukugwirirani makinawo, ndipo mulembe muyezo wapamwamba umene MAF yafika mutaponda moto wonse pa giya imodzi yomwe mudzagwiritsenso ntchito mawa.

Ngati ndi ya petulo, onjezani manambala awiri: STFT ndi LTFT. Awa amasonyeza mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa itamva zimene sensa ya oksijeni ya ku ekizozi ikunena. STFT ndi kukonza kwa nthawi yomweyo, LTFT ndi kumene kompyuta yaphunzira n'kusunga. Nambala ikakhala ndi + ndiye kuti ikuwonjezera mafuta, ikakhala ndi – ikuchotsa. Injini yabwino imakhala pafupi ndi 0, mwina kusuntha ndi 5 peresenti uku kapena uko. Mukapeza kuti awiriwa mukawaphatikiza apitirira kale 10 musanasinthe chilichonse, imani. Pali vuto lina, mwina mpweya wolowa mwakuba kapena pampu ya mafuta yofooka, ndipo mukonze limenelo kaye.

3. Yezani m'mimba mwa housing zonse ziwiri

Musakhulupirire nambala yolembedwa pa katoni. Nthawi zambiri imanena za kunja kwa paipi, pamene pamalowa mphira wolumikizira, pomwe chofunika kwa ife ndi m'kati, penipeni pamene pamakhala mutu wa sensa. Yezani ndi vernier, chipangizo choyezera m'mimba mwa paipi, ndipo muyeze mbali ziwiri zopingasana, chifukwa zina zowotcherera sizikhala zozungulira bwino.

Masamu ake ndi awa. Gawani muyezo watsopano ndi wakale, yankholo mulichulukitse ndi lokha. Tinene kuti yakale ndi mamilimita 70 m'mimba mwake, yatsopano 76. Kusiyana kwa mamilimita 6 ndi maso kumaoneka kochepa. Koma 76 kugawa ndi 70 ndi 1.086, ndipo kuchulukitsa ndi yokha kumapereka 1.18. Khomo lodutsa mpweya lakula ndi 18 peresenti. Sensa iziwerenga pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a mpweya weniweni. Mukafika pa mamilimita 80, khomo lakula ndi 31 peresenti. Ngakhale mamilimita atatu okha, kuchoka pa 70 kufika pa 73, ndi pafupifupi 9 peresenti.

Nambala imene mwapeza, monga 1.18 ya chitsanzo chathu, muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

4. Yang'anani zina zimene vernier singakuuzeni

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Housing ikhoza kufanana muyezo ndi yakale koma n'kumawerengetsabe molakwa.

Mu housing zambiri zoyamba muli kasefa konga chisa cha njuchi kapena kaukonde kutsogolo kwa sensa. Anthu amakachotsa poganiza kuti kakutsekereza mpweya, ndipo housing zambiri zogula sizikhala nako. Ntchito yake ndi kuwongola mpweya umene wachokera m'bokosi la fyuluta ukuzungulirazungulira, kuti ufike pa sensa uli wosalala. Kakasowa, vuto limaoneka kwambiri pa sailensi, pamene mpweya ndi wochepa: muyezo umadumphadumpha, injini imakwera ndi kutsika yokha, mwina kuzima pofika pamphambano.

Onaninso kuzama. Mpweya wa m'paipi umathamanga kwambiri chapakati kusiyana ndi m'mbali mwa khoma, choncho sensa ikakhala pamwamba kapena pansi ndi mamilimita ochepa chabe ikulawa mpweya wina. Yerekezani kutalika kwa pamene sensa imakhazikika mu housing zonse ziwiri. Chimodzimodzinso mbali imene sensa yaloza. Pambuyo pa kona, mpweya umaunjikana kunja kwa konayo. Sensa imene poyamba inali pamwamba, mukaitembenuzira cham'mbali, iwerenga zosiyana. Ngati n'kotheka, siyani paipi yowongoka kutsogolo kwa sensa, yaitali mmene malo angalolere.

Za chitsulo: aluminiyamu imatenga kutentha kwa injini msanga kuposa pulasitiki, ndipo sensa ya IAT nthawi zambiri imakhala m'kati mwa MAF momwemo. Galimoto ikaima nthawi yaitali injini ikulira, IAT imakwera, ndipo kompyuta ya injini ya petulo imabweza nthawi yothethetsa mapulagi. Mphamvu imachepa poyamba kuyenda.

5. Kumanga

Zimitsani galimoto, chotsani kiyi, kenako zulani pulagi ya mawaya a sensa. Zomangira zake kawirikawiri ndi za Torx, zina zokhala ndi kamsomali pakati, choncho pezani chomasulira choyenera m'malo mokakamiza. Kawaya ka m'kati musakakhudze ndi chala, nsalu kapena thonje. Ngati kada, kapopereni mankhwala otsukira MAF basi, osati a kabureta kapena a mabuleki, ndipo kaume kokha musanakabwezere.

Pa housing kapena pa sensa pamakhala muvi wosonyeza kolowera mpweya, ndipo uloze ku injini. Onetsetsani kuti kamphira ka O-ring kakhala bwino ndipo makilampu onse amangika. Mpweya uliwonse wolowa kuseri kwa sensa sunawerengedwe, ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za housing yaikulu. Musaiwale kubwezera kapaipi kochokera pa chivundikiro cha injini. Ngati mwaika fyuluta yopaka mafuta, musaithire ochuluka, poti amakamatira pa kawaya n'kukachititsa kuwerenga pang'ono.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: sinthani housing yokha tsiku limenelo. Mukasinthira pamodzi fyuluta, mapaipi ndi ekizozi, simudzadziwa chimene chabweretsa vuto.

6. Yezaninso, ndipo mvetsani zimene manambala akunena

Fufutani zimene kompyuta inaphunzira ngati makina anu amalola, tenthetsani injini, ndipo bwerezani miyezo yonse ya gawo 2, pa ma rpm omwewo, pa msewu womwewo. Mtunda woyambawo musaponde moto wonse.

Pa injini ya petulo, kompyuta imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Ikanamizidwa kuti mpweya wachepa imachepetsa petulo, sensa ya oksijeni imadandaula, ndipo STFT ndi LTFT zimakwera. Pa chitsanzo chathu cha 70 ndi 76 mudzaona zikuyandikira +18. Zikafika pa malire amene wopanga galimoto anaika, makina anu amaonetsa code ya vuto P0171, yotanthauza kuti mafuta achepa, ndi P0174 ngati injini ndi ya V. Housing yaing'ono kuposa yoyamba imachita zosiyana, imabweretsa P0172 ndi P0175, mafuta ochuluka. P0101 imatanthauza kuti kompyuta yaona kuti muyezo wa MAF sukugwirizana ndi wa masensa ena.

Pali njira yosiyanitsira mpweya wakuba ndi housing yolakwika. Ngati manambala ndi okwera pa sailensi koma amatsika mukafika 2500 rpm, funani pobowoka. Ngati ndi okwera ponseponse mofanana, vuto ndi muyezo wa housing.

Choopsa chili apa. Ena amati poti nyali sinayake ndiye kuti kompyuta yazolowera. Kompyuta imakonza mafuta pomvera sensa ya oksijeni mukamayenda mwachizolowezi. Mukaponda moto wonse, magalimoto ambiri amasiya kumvera sensa imeneyo n'kudalira tebulo la MAF. Komanso muyezo womwewo ndi umene kompyuta imadziwira kulemedwa kwa injini. Ikaganiza kuti injini yapepukidwa, imafulumizitsa kuthetheka kwa mapulagi. Petulo wochepa, mapulagi othetheka msanga, thiraki ili ndi katundu pa chitunda: mumayamba kumva kaphokoso konga timiyala m'chitini, ndipo kameneko kamadya mapisitoni. Pa magalimoto ambiri a otomatiki, giyabokosi imadaliranso muyezo umenewu posankha mphamvu yogwirira makilatchi ake, motero magiya amatha kuyamba kuterereka.

Dizilo ndi nkhani ina. Kumeneko MAF imagwira ntchito ziwiri zazikulu: kuletsa utsi, ndi kuyendetsa valavu ya EGR imene imabwezera utsi wina mu injini. Kompyuta silola dizilo wopitirira amene mpweya ulipowo ungawotche. Sensa ikawerenga pang'ono, kompyuta imamana injini mafuta, ndipo ichi ndi chifukwa chake thiraki imafooka ngakhale paipi yakula. Ikawerenga mopitirira, kompyuta imalola mafuta ambiri ndi kutsegula EGR kwambiri, utsi wakuda umachuluka, mwaye umadzaza manifold, ndipo ngati pali fyuluta ya DPF, yosefa mwaye ku ekizozi, imatsekeka msanga. Ma code a EGR, P0401 ndi P0402, amatha kubwera valavuyo ilibe mlandu.

Dizilo mukhoza kuiyesa ndi masamu, poti pa sailensi imakoka mpweya momasuka. Tsekani EGR ndi makina anu, kapena dikirani mpaka aonetse kuti yatsekeka. Chulukitsani malita a injini ndi rpm, gawani ndi 120, chulukitsani ndi 1.2, amene ndi magalamu a mpweya mu lita imodzi kufupi ndi nyanja yamchere kukakhala kosatentha kwambiri. Injini ya malita 3.0 pa 750 rpm imapereka 22.5. Masilinda sadzadza mpaka pakamwa, ndiye yembekezani magalamu 19 kapena 20 pa sekondi. Kumalo okwera mpweya umapepuka, pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1000 alionse, choncho chotsaniponso pamenepo.

7. Kukonza tebulo la MAF

Ili ndiye gawo limene ogulitsa salitchula, ndipo ndi limene limatenga nthawi. Ngati mwatsimikiza kukhala ndi housing ya muyezo wina, tebulo la mu ECU liyenera kulembedwanso. Izi zimafuna pulogalamu yotha kuwerenga ndi kulemba kompyuta ya galimoto yanuyo, komanso munthu woidziwa. Ngakhale ntchitoyi mupereke kwa wina, dziwani mmene imayendera kuti muthe kuona ngati waigwira.

Tebuloli lili ndi mizere iwiri. Wina ndi uthenga wochokera ku sensa, mavoti kapena ma Hz, ndipo winawo ndi magalamu pa sekondi amene uthengawo ukuimira. Musanalembe chilichonse, sungani fayilo yoyamba pamalo awiri osiyana. Polemba, batire likhale lodzadza kapena lolumikizidwa ku chaja yokhazikika, chifukwa magetsi akaduka pakati ECU ikhoza osadzukanso.

Yambani ndi kuchulukitsa magalamu onse a m'tebulo ndi nambala ija ya gawo 3, pa chitsanzo chathu 1.18. Ambiri amalekera pomwepa, ndipo apa ndi pamene pali cholakwa chachikulu. Nambala imeneyi imangokufikitsani pafupi kuti injini ilire bwino. Mutu wa sensa umatseka gawo lina la khomo, ndipo gawo limenelo silifanana m'paipi yaing'ono ndi yaikulu. Mayendedwe a mpweya wochepa ndi osiyananso ndi a mpweya wambiri. Mudzapeza kuti pansi pa tebulo pakufunika kuwonjezera kwina, pakati kwina, pamwamba kwinanso.

Ndiye mumayenda ndi galimoto mukujambula manambala. Pa petulo, jambulani uthenga wa sensa pamodzi ndi STFT ndi LTFT, injini itatentha, kwa theka la ola kapena kuposa. Yendetsani mofatsa, phazi lisamagwedezeke, muzikhalitsa pa liwiro lililonse kuti malo alionse a m'tebulo apeze miyezo yambiri. Pokonza, tayani manambala onse a nthawi imene munaponda kapena kusiya moto mwadzidzidzi, a pamene mumatsika mtunda phazi lili pambali, ndi a pamene valavu yotulutsa nthunzi ya m'thanki inali yotsegula. Onsewa amanamiza. Otsalawo agaweni potsata malo a m'tebulo, ndipo pa malo alionse pezani pakatikati pa STFT ndi LTFT zitaphatikizidwa. Ngati pa mavoti 2.0 mwapeza +6, ndiye kuti magalamu a pamenepo achepa ndi 6 peresenti.

Musakonze 6 yenseyo nthawi imodzi. Ikani theka lake, lembani, fufutani zimene kompyuta inaphunzira, yendaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maulendo atatu kapena anayi otere ndi amene amabweretsa manambala onse pansi pa 5, ndipo wodekha amafika pa 2 kapena 3. Nthawi iliyonse jambulani tebulolo ngati mzere pa kompyuta. Uyenera kukwera mosalala ngati uta. Mukaona dzino lotulukira pamalo amodzi, si mpweya umene ukutero, ndi miyezo yoipa, ndipo mukalisiya galimoto izidzagwedeza nthawi iliyonse ikadutsa pamenepo.

Pamwamba pa tebulo, pa moto wonse, STFT ndi LTFT sizikuthandizani. Pamafunika sensa ya wideband yomangidwa ku ekizozi, yosonyeza kasakanizidwe kenikeni ka mpweya ndi petulo. Mumayerekeza zimene kompyuta yalamula ndi zimene wideband yaona, ndipo kusiyanako ndiko kukonza kwanu. Yambirani mbali ya mafuta ochulukirapo, muziponda kwa masekondi ochepa, mukukwera pang'onopang'ono, maso ali pa nambala yosonyeza kuti kompyuta ikubweza nthawi yothethetsa mapulagi chifukwa cha kugogoda kuja konga timiyala m'chitini. Ikayamba kusuntha, chotsani phazi. Munthu amene akuti wakonza tebulo lonse popanda wideband, pamwambapo wangoganizira.

Pa dizilo njira ndi kuyerekeza MAF ndi mpweya wowerengeredwa kuchokera ku MAP, IAT ndi rpm, EGR ili yotseka, pa liwiro ndi kulemedwa kosiyanasiyana, pamodzi ndi manambala aja munalemba housing yakale ili pamalo. Yang'aniraninso utsi ndi kutentha kwa ekizozi. Ena amagulitsa timabokosi tolumikiza pa waya wa sensa tokweza uthenga wake. Ine sinditikonda, chifukwa tambiri timakankha muyezo wonse mofanana, pamene taona kale kuti cholakwacho sichifanana ponseponse.

Dziwaninso kuti kulemba ECU kukhoza kuthetsa waranti, ndipo m'mayiko ambiri kusintha zokhudza utsi wa galimoto kuli ndi malamulo ake. Fufuzani zimenezi musanayambe.

8. Ngati tebulo silingakonzedwe

ECU zina ndi zokhoma, ndipo si paliponse pamene pali wodziwa ntchitoyi. Zikatero bwezerani housing yoyamba, kapena pezani yofanana nayo m'mimba mwake, kuzama kwa sensa ndi kasefa kowongola mpweya. Ena amalowetsa kapaipi kochepetsera m'kati mwa yaikuluyo kuti pa sensa pabwerere muyezo wakale. Zimatheka ngati kapaipiko kadulidwa mosalala, kali ndi milomo yotsetsereka, ndipo kamangika moti sikangayamwidwe kupita ku turbo. Mukamaliza fufutani ma code ndi zimene kompyuta inaphunzira, yendani masiku angapo, kenako tsegulani kope lija muone ngati manambala abwerera pamene anali.